Zithunzi za ophunzira utolankhani zisamathere m'kalasi

Akonzi,

Ndine wophunzira utolankhani pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda wa Blantyre, ndipo nyuzipepala yanu ndinayamba kuiwerenga ndili kusekondale, pamene malume anga ankabwera nayo kunyumba n'kundiuza kuti ndiwawerengere agogo mokweza. Chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi chithunzi chimene munatulutsa masabata apitawa pa nkhani ya mjigo watsopano umene anthu a m'mudzi wina analandira. Pachithunzipo panali akuluakulu atatu ovala masuti, mmodzi atagwira mjigo ngati akupopa madzi, onse akuyang'ana kamera ndi kumwetulira, pamene amayi amene azitunga madziwo tsiku ndi tsiku anangooneka mapewa ndi nsonga za zitenje zawo m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi. Mawu a pansi pake anatchula mayina ndi maudindo a akuluakuluwo, koma amayi aja anangotchedwa ena mwa anthu amene anafika pamwambowo. Amene anajambula sindikuwanyoza, pakuti ndikudziwa kuti mwina anafika pamalopo pa galimoto ya akuluakulu omwewo ndipo anali ndi mphindi zowerengeka asanauzidwe kuti akwere azipita. Komabe chithunzi chotere ndikanapita nacho m'kalasi mwathu, aphunzitsi akanandibweza kuti ndikajambulenso, ndipo ndaona kuti n'koyenera kuti inu ndi owerenga anu mudziwe zimene zimachitika m'makalasi amenewa, chifukwa pa maphunziro athuwa pali mbali imene ndi yanu koma simunayambe kuigwira.

Masabata oyambirira a phunziro la kujambula zithunzi za nkhani amathera pa bolodi, ndipo sindikutayitsani nawo nthawi. Timaphunzira kuti kuwala kolowa mu kamera kumayezedwa ndi zinthu zitatu zodalirana: kukula kwa kabowo ka mu lenzi, kutalika kwa nthawi imene shata, kachitseko ka mu kamera, imakhala yotseguka, ndi nambala ya ISO yosonyeza m'mene kamera imamvera kuwala, imene ikakwera kwambiri chithunzi chimatuluka ngati chawazidwa mchenga. Zimenezi munthu angathe kuziloweza usiku umodzi n'kukhoza mayeso m'mawa mwake, ndipo ine ndinakhoza. Koma tsiku limene ndinatumidwa kukajambula amayi a Mvano akutuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, ndinabwerako ndi mabulauzi ndi mipango yoyera mbee, nkhope zili bii moti ngakhale ana awo sakanawazindikira, chifukwa kamera inayeza kuwala kwa nsalu zoyerazo n'kuganiza kuti paliponse pawala mokwanira. Mabuku amene timawerenga sanena zambiri za dzuwa lathu ndi khungu lathu. Ndi kulephera kwa tsiku limenelo kumene kunandiphunzitsa kuti nkhope ya Mmalawi imafuna kuti uwonjezere kuwala pang'ono pa kumene kamera yasankha, kuti nthawi zina udikire mpaka munthuyo alowe yekha pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde, ndiponso kuti kuwala kokoma kumapezeka dzuwa likangotuluka kapena likamapendeka madzulo. N'chimodzimodzi pabwalo la mpira, pamene unaloweza kale kuti wothamanga amafuna shata yofulumira ngati 1/1000 ya sekondi, koma umakazindikira uli pabwalopo kuti chigoli chimalowa iwe ukuyang'ana kwina.

M'kalasi mwathu tinalipo opitirira 30, pamene makamera ogwira ntchito analipo anayi, moti unkalembetsa dzina m'kaundula n'kudikira, ndipo ukailandira unkakhala nayo masiku awiri okha, batire yake yotopa ikufuna kutchajidwa nthawi imene magetsi athima. Ambiri ntchito zathu tinkamalizira pa foni za m'manja. Poyamba tinkachita nazo manyazi, koma aphunzitsi athu, bambo amene anagwirapo ntchito m'nyuzipepala nthawi imene ankajambulira pa filimu ya zithunzi 36, ankanena kuti foni ili ndi ubwino umodzi umene kamera yaikulu ilibe. Foni siitha kukoka chinthu chakutali n'kuoneka bwino, choncho imakukakamiza kuyenda ndi miyendo yako mpaka kufika pafupi ndi munthu, ndipo ukafika pafupi chotero sungachitire mwina koma kupereka moni. Anatiletsanso chizolowezi chojambula zithunzi mazanamazana poyembekezera kuti chimodzi chituluka bwino mwangozi. Pa ntchito ina anatilamula kuti tibwere ndi zithunzi 36 zokha, osafufutapo ngakhale chimodzi, kuti aone zimene tinkaganiza tisanadine.

Ntchito imene inanditembenuza maganizo inali ya mwezi wathunthu. Aliyense anauzidwa kuti asankhe munthu mmodzi wogwira ntchito ya manja, amene si wachibale kapena mnzake, amuyendere kosachepera kanayi, ndipo pomaliza abweretse zithunzi zisanu ndi chimodzi zofotokoza tsiku la munthuyo popanda ndime yaitali yozichirikiza. Ine ndinasankha bambo wina wokhoma ndowa ndi mbaula ku Ndirande, kumene phokoso la nyundo pa malata limayamba kusanache bwino. Tsiku loyamba, nditafotokoza chimene ndinabwerera, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa kuti, "Achemwali, zithunzi zimenezi mukufuna mukatigulitse kwa azungu?" Anzawo anaseka, koma funsolo linali ndi maziko, chifukwa anthu a m'madera athu aona alendo ambiri akubwera ndi makamera, kujambula umphawi wawo n'kupita osabweranso, ndipo amamva kuti zithunzizo zimakapemphetsa ndalama zimene eni nkhope saziona. Ndinawaonetsa chiphaso changa cha kusukulu, ndinawauza anthu amene adzaone zithunzizo, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzawabweretsera zina zotsukidwa. Anavomera. Koma nditabwera tsiku limene tinapangana, ndinawapeza atavala shati yoyera yosita, pamalo pawo posesedwa, ndowa zonse zitandandalikidwa ngati m'sitolo, iwo ataima pakati pake manja ali m'chiuno.

Ndinajambula, ndinakondwa, ndipo Lolemba zithunzi zanga zinaonetsedwa pakhoma la m'kalasi. Mwambo wake ndi wakuti zithunzi za aliyense zimaonetsedwa pamaso pa onse, ndipo mwini wake saloledwa kutsegula pakamwa mpaka anzake atanena zimene akuona, chifukwa wowerenga nyuzipepala sakhala ndi wojambula pambali pake womuuza zimene ankafuna kuonetsa. Mnzanga wina anati akuona munthu wogulitsa ndowa. Wina anati akuona chithunzi cha pa kalendala. Palibe amene anaona munthu amene amadula lata, kulipinda ndi kulikhoma ndi manja ake, ndipo aphunzitsi anangondifunsa kuti, "Kodi bambowa amagwira ntchito atavala shati imeneyi?" Ndinabwereranso. Ulendo wachitatu ndinakhala pa chitini cha penti maola atatu kamera ili m'chikwama, ndikumvera nkhani za kukwera mtengo kwa malata, za makasitomala otenga mbaula pangongole n'kusowa, ndi za mpira wa Lamulungu, mpaka anthu anatopa nane n'kuiwala kuti ndilipo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu ine ndinaumvetsa ndili pa chitini chimenecho. Chithunzi chimene chinatsogolera ntchito yanga ndinachijambula ulendo wachisanu, cha m'ma 4 koloko madzulo. Mwana wawo wamwamuna, wa kupulayimale, anali atayala kope lake pa lata limene linali lisanadulidwe akulemba masamu, ndipo kumbuyo kwake dzanja la bambo ake, lodzaza ndi zipsera za malata, linali m'mwamba ndi nyundo. Palibe amene ankayang'ana kamera, ndipo m'kalasi palibe amene anafunsa kumene ndalama ya kopelo imachokera.

Ndiyenera kuvomereza kuti mawu a pansi pa chithunzi anativuta kuposa kamera. Lamulo la m'kalasi linali lakuti chithunzi chopanda dzina la munthu, malo ndi tsiku sichilandiridwa, ndipo dzinalo ulilembe m'kope pomwepo n'kumuwerengera mwini wake kuti avomereze kalembedwe kake, pakuti safunsa anadya phula, ndipo pano kwathu kusinthanitsa l ndi r m'dzina la munthu ndi chinthu chapafupi. Maphunziro athu onse amachitika m'Chingerezi, koma tsiku lina aphunzitsi anatiuza kuti mawu omwewo tiwalembenso m'Chichewa, ndipo apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chili pamtima pa kalata yangayi. M'Chingerezi unkatha kulemba mawu awiri otanthauza wogulitsa malonda wina, n'kuoneka ngati walemba bwino. M'Chichewa mwano umaonekera poyera. Sungalembe kuti "munthu wina akukhoma ndowa" za bambo amene wakhala nawo mwezi wathunthu, amene anakugawira chinangwa chawo. Umakakamizika kulemba kuti bambo akutiakuti, a zaka zakuti, amene akhala akugwira ntchitoyi kuyambira chaka chakuti, ndipo pa liwu lililonse uyenera kusankha ngati ukuwapatsa ulemu wa munthu wamkulu kapena ayi. Kuonjezera apo, mawu a m'Chichewa mwini nkhope amawawerenga yekha kapena amawerengeredwa ndi mdzukulu wake, monga ine ndinkawerengera agogo anga. Wojambula amene akudziwa kuti amene wamujambulayo adzawerenga zimene walemba pansi pa nkhope yake amasamala kuposa amene akudziwa kuti chithunzi chake chikathera pa tsamba la pa intaneti la kunja kwa dziko. Pa chifukwa chimenechi ndikuona kuti palibe malo abwino ophunzirira ntchitoyi oposa nyuzipepala ya Chichewa.

Phunziro lowawa linabwera mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno munafa anthu opitirira 1,000. Ambiri a ife tinkafuna kuthamangira komweko tsiku lomwelo, koma aphunzitsi anakana kwamtuwagalu, ponena kuti wophunzira amene sanadziwe kaimidwe ka pamaliro asakaphunzirire pa matupi a abale a anthu, ndiponso kuti pamalo pamene anthu akukumba ndi makasu kufunafuna ana awo, munthu wongoima ndi kamera osadziwa chochita amangotseka njira. Tinapita patadutsa masabata angapo, ku msasa umene unali pa sukulu ina, titayamba tapempha chilolezo kwa a komiti ya msasawo. Mayi wina anaphimba nkhope ndi chitenje nditangokweza kamera, ndipo ndinaitsitsa. Mnzanga wina anajambula mwana wosavala akulira pakhomo pa kalasi, chithunzi champhamvu kuposa zathu zonse, ndipo chinatigawa pawiri kwa maola awiri athunthu. Ena ankati dziko liyenera kuona, ndipo ankatchula gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapereka ufulu kwa atolankhani. Ena tinkati malamulo omwewo, pa gawo 19 ndi gawo 21, amatetezanso ulemu wa munthu ndi zinsinsi zake, ndipo mwana amene sangathe kuvomera kapena kukana adzakula n'kupeza chithunzicho chikadali pa intaneti.

Aphunzitsi anatikumbutsa za Kevin Carter wa ku South Africa, amene mu 1993 anajambula kummwera kwa Sudan mwana wofooka ndi njala, muimba utatera kumbuyo kwake. Chithunzicho chinatuluka mu New York Times, chinagwedeza dziko lonse ndipo chinamupezetsa mphoto ya Pulitzer mu 1994, koma owerenga ambiri anafunsa chimene chinachitikira mwanayo ndi chimene wojambulayo anachita atatha kujambula. Aphunzitsi sanatiuze mbali imene inali yolondola. Anangomufunsa mnzathuyo ngati angathe kubwerera kumsasa kuja nyuzipepala ili m'manja n'kuwaonetsa amayi ake a mwanayo tsamba limene pali mwana wawo. Mnzathuyo anakhala chete kanthawi, kenako anachichotsa yekha, n'kuikapo china chimene chinkaonetsa makope onyowa atayanikidwa pa mawindo a kalasi momwe munkagona mabanja. Ine mpaka lero ndimaona kuti anachita bwino, ngakhale ena m'kalasi mwathu akadali ndi maganizo ena, ndipo sindiwayesa anthu ouma mtima.

Pali cholakwa chimodzi chokha chimene m'kalasi mwathu chinalibe chikhululuko, ndicho kusintha zimene zili m'chithunzi. Unkaloledwa kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono ndi kudula m'mphepete, koma kufufuta waya wa magetsi wodutsa pamutu pa munthu, kuwonjezera anthu pa msonkhano, kapena kuuza munthu kuti abwereze zimene anachita kuti uzijambule ngati zikuchitika kumene, unkalandira ziro. Anatiuza za wojambula wa Los Angeles Times amene anachotsedwa ntchito mu 2003 chifukwa cholumikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kuti zikhale chimodzi chokongola. Masiku ano nkhaniyi yafika pakhomo pathu, chifukwa kompyuta ikutha kupanga chithunzi cha zinthu zimene sizinachitike, ndipo pakagwa tsoka lililonse magulu a WhatsApp amadzaza ndi zithunzi zakale kapena za mayiko ena zimene anthu amafalitsa ngati za dzulo. N'chifukwa chake tinkapereka fayilo yoyamba yochokera mu kamera, imene imasunga tsiku ndi nthawi yojambulira. Tinaphunziranso kanthu kakang'ono kamene ndikukhulupirira kuti atolankhani anu a m'maboma kangawathandize: chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp m'njira ya masiku onse chimapanikizidwa n'kutaya ubwino wake pamodzi ndi mbiri imeneyi, pamene chikatumizidwa ngati dokyumenti chimafika chathunthu.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani mwana wa sukulu akulimbikira chotere pa ntchito imene ambiri amaiona ngati yongokometsera tsamba. Yankho langa lili m'zithunzi zimene tinaonetsedwa m'kalasi. Pa 16 Juni 1976 Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula ku Soweto mnyamata Mbuyisa Makhubo atanyamula Hector Pieterson, mwana wa zaka 12 amene anawomberedwa ndi apolisi, mlongo wake wa Hector akuthamanga pambali, ndipo filimuyo anaibisa mu sokosi kuti asamulande. Peter Magubane, wojambula wina wa ku South Africa amene anamwalira kumayambiriro kwa 2024, ankabisa kamera mu buledi kuti ajambule kumene boma la tsankho linkaletsa, ndipo anatsekeredwa m'chitokosi cha yekha masiku 586. Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi chathu chomwe. Chithunzi cha mu 1914 chimaonetsa John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayembekezeredwa kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Patatha zaka zopitirira 100, katswiri wa luso wa kwathu kuno Samson Kambalu anatengera pa chithunzi chimenecho popanga chiboliboli chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London mu Seputembala 2022. Nkhope ya Chilembwe imene timaigwira pa ndalama zathu timaidziwa chifukwa wina anaima patsogolo pake ndi kamera. Ndikamaona zimenezi ndimadzifunsa kuti mdzukulu wathu amene adzapite ku National Archives ku Zomba kukafufuza m'mene Amalawi a zaka zino ankakhalira adzapeza chiyani m'nyuzipepala zathu, kupatula anthu ogwirana chanza, odula riboni ndi onyamula cheke chachikulu ngati chitseko.

Nkhani ya Nzima ili ndi mbali ina imene ikukhudza inu mwachindunji. Chithunzi chake chinazungulira dziko lonse, koma umwini wake anaupeza mu 1998, patatha zaka 22. Kwathu kuno lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso la mu 2016 limateteza zithunzi, ndipo bungwe la COSOMA loyang'anira za umwiniwu lilipo, komabe ndi kangati pamene timaona m'manyuzipepala ndi pa masamba a nkhani chithunzi chotengedwa pa Facebook popanda dzina la mwini wake? Zinachitikirapo mnzanga wa m'kalasi, amene anapeza chithunzi chake cha amayi opanga mzere pa kiyosiki ya madzi mbandakucha chili pa tsamba lina la nkhani, chitadulidwa mbali imene anaikapo dzina lake. Atadandaula anauzidwa kuti ayenera kuthokoza chifukwa amutchukitsa, ngakhale sindikudziwa kuti munthu amatchuka bwanji dzina lake litadulidwa. Wophunzira amene waona zotere amayamba kuganiza kuti ndi bwino kujambula maukwati ndi zinkhoswe, kumene ndalama imalowa m'thumba tsiku lomwelo, ndipo anzanga ambiri aluso atembenukira kale kumeneko. Sindiwadzudzula, pakuti lendi siidikira.

Tsono pempho langa ndi ili. Chaka chilichonse ophunzira a ku MUBAS, a ku Malawi Institute of Journalism, a ku University of Malawi ku Zomba ndi a m'sukulu zina zophunzitsa utolankhani amatumidwa m'misika, m'madimba, m'madoko a asodzi ndi m'makwalala, ndipo amabwerako ndi nkhani za zithunzi zimene anazitayira masabata. Zikapatsidwa malikisi zimatsala mu laputopu ya mphunzitsi mpaka laputopuyo itawonongeka. Tipatseni tsamba limodzi kamodzi pa mwezi, limene muzitulutsapo ntchito ya wophunzira mmodzi, zithunzi zinayi kapena zisanu ndi mawu ake a m'Chichewa, dzina la wojambula lili pansi pa chilichonse. Musatichitire chifundo posankha. Mkonzi wanu wa zithunzi akane zimene sizikukwanira ndipo anene chifukwa chake, afunse umboni wakuti ojambulidwawo anavomera, makamaka kumene kuli ana, ndipo aitanitse fayilo yoyamba. Malikisi a mphunzitsi amatiphunzitsa zambiri, koma pali zina zimene sitingazidziwe mpaka titaona chithunzi chathu chitasindikizidwa pa pepala la nyuzipepala, limene limamwa inki n'kudetsa malo amene pa kompyuta ankaoneka owala, ndiponso mpaka titalandira foni ya wowerenga wokwiya chifukwa talakwitsa dzina la mudzi wake. Zikanakhala bwinonso ojambula anu akanamalola wophunzira mmodzi kapena awiri kuwaperekeza pa ntchito masiku ena, chifukwa pa nthawi imene timatumizidwa kukaphunzira ntchito m'makampani a nkhani ambiri timaikidwa pa desiki kulemba, ndipo kamera sitiigwira n'komwe.

Ndikudziwa zimene mungayankhe, kuti mtengo wa pepala wakwera, masamba achepa, ndipo tsamba lililonse liyenera kudzilipirira lokha ndi zotsatsa malonda. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikupempha malipiro a munthu wodziwa kale ntchito; ndalama yobwezera ya minibasi ndi yotsukira zithunzi zokapatsa ojambulidwawo ingakwanire poyambira. Koma taganizirani za amene angagule nyuzipepala ya tsiku limenelo. Bambo aja a ku Ndirande, nditawapititsira zithunzi zitatu zimene ndinatsukitsa, anaitana anzawo onse a mzere wa okhoma malata, chithunzi chikudutsa m'manja akuda ndi dzimbiri mmodzimmodzi, aliyense akuchigwira m'mphepete kuti asachidetse, ndipo wina anandifunsa kuti chidzatuluka liti m'nyuzi kuti adzagule yake. Ndinalibe yankho. Anthu amenewa sagula nyuzipepala kawirikawiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti sadzionamo, kupatula pamene mmodzi wa iwo wamangidwa kapena nyumba yake yagwa.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza zithunzi zisanu ndi chimodzi za ku Ndirande zija, mafayilo ake oyamba, mawu ake a m'Chichewa, ndi kalata imene bambowo anasainira yovomera kuti iwo ndi mwana wawo aoneke m'nyuzipepala, nditawawerengera mawu onse amene ali pansi pa chithunzi chilichonse. Pa chithunzi chachinayi anandiuza kuti ndisinthe, chifukwa ndinalemba kuti akukonza mbaula pamene iwo ankapanga yatsopano, ndipo ndinasintha. Ngati simuzitulutsa, chonde pemphani mkonzi wanu wa zithunzi andilembere ngakhale mizere iwiri yonena chimene chaperewera, kuti ndikawawerengere anzanga Lolemba m'kalasi, komanso kuti ndikhale ndi chowauza bambo aja ndikadzadutsanso pa mzere wawo.

Ine wanu,

Wophunzira utolankhani,
Blantyre